Nyumba Yasila, Loni Ikali, Manje Kapinga Wakana

Mukakwela basi ya ku Chalala, olo ija ya ku Chongwe yamene ipitila pa Silverest, khalani ku windo mu mwezi wa October. Muzaona ma wall fence atsopano, ma geti a sliding, malata ong'anima monga a pa billboard. Koma yembekezani geti imodzi itseguke kuti motoka ingene. Mkati ni fumbi yofiila, mulu wa quarry dust wamene unatsala pomanga, na tuzigamba twa udzu wa yelo apa na apo monga mutu wa mwana wodwala zipele. Nyumba ni yabwino, iyo sitikana. Yadi ndiye ioneka monga ma builder anachoka dzulo.

Mwini wa imodzi mwa nyumba izi mumudziwa, olo kuti dzina sitizachula. Ni mkulu uja wa mu ofesi wamene anakhala pa renti ku Kabwata zaka eyiti, kudya nsima na soya chunks kuti agule ma block, ndipo loni ikali kuluma pa payslip mpaka lelo. Atangosamukila mu September, anaitanitsa kapinga uja woyala monga kapeti, wamene akuti instant lawn, yadi yonse kutsogolo na kumbuyo. Madzulo omwewo chithunzi chinali pa status, na mawu akuti "Ni Mulungu chabe." Milungu itatu isanakwane, kapeti ija inayamba kupindika m'mbali monga chikumba chouma. Manje mukamufunsa, yankho ni imodzi: "Bananigulisa kapinga wa gong'a, boi."

Kapinga uja sanali wa gong'a. Anamuyala pa dothi yakufa, mu mwezi wouma, pa malo akulu kupambana madzi amene nyumba ija ili nawo. Zinthu zitatu izi ndiye zipha kapinga wambili mu Lusaka, ndipo zonse munthu angazione asanachotse olo ngwee imodzi.

Tiyambile pansi. Nthawi yonse yamene nyumba inali kumangidwa, yadi yanu inali workshop. Ma builder anali kusakanizila simenti pansi, kutsukila wilibala pamenepo, kutaya ma block ophwanyika, ma waya, mapepa a simenti na zidutswa za mapulanga. Ma tipper obweletsa mchenga na miyala anapondapo kambili mpaka dothi inalimba monga msewu. Pa last munthu wina anasalaza na laterite pamwamba kuti paoneke bwino, basi. Mizu ya kapinga ifuna kungena masentimita 15 olo 20. Ikapeza simenti pa masentimita atatu, ikhala pamwamba pomwepo, ndipo dzuwa ya October iiocha mu masiku awili. Ku Chalala, Lilayi na Makeni kuli vuto inanso. Mbali yaikulu ya Lusaka inakhala pa mwala wa limestone, ndipo malo ena mwala uli pafupi maningi. Amene anakumba septic kumeneko akumbuka ndalama zamene anapatsa anyamata ophwanya miyala.

Kudziwa ngati dothi yanu ili bwino sikufuna lab. Thililani malo amodzi, mawa lake tengani screwdriver yaitali muilase pansi. Ngati ingena yonse mosavuta, muli na mwayi. Ngati iimilila pa theka ya chala, nchito ilipo. Nchito yake ni piki na kambwili: kukumba masentimita 20, kuchotsa chilichonse cha ma builder, kuphwanya zibuma, na kusalaza kuti madzi a mvula azithawa ku nyumba m'malo mobwela ku chipupa. Ni nchito yotopetsa ndipo palibe amene aika pa status, ndiye chifukwa ambili aidumpha.

Apa ndiye pabwela nkhani ya black soil. Aliyense wamene ali na tipper agulitsa black soil, koma dothi kukhala yakuda sikutanthauza kuti ni yabwino. Yambili ichokela mu dambo, ni dongo chabe: ikanyowa imata monga chingamu, ikauma ing'ambika monga chidendene. Tipper isanathile, tengani dzanja imodzi, nyowetsani pang'ono, finyani. Ngati ipanga mpila wong'anima wamene suphwanyika mukaugunda na chala, bwezani. Yabwino igwilana pang'ono, koma iyoyoka mukaikhudza. Ndipo musaiyale chabe pamwamba monga icing ya keke. Isakanizeni na dothi yamene mwakumba, pamodzi na manyowa. Manyowa a nkhuku ni otchipa ndipo ali na mphamvu, koma akhale owola, amene akhala pa mulu miyezi iwili olo itatu. Ongochoka kumene mu khola aocha mizu, anunkha, ndipo ntchentche zake zizakudanitsani na ba neba musanadziwane olo maina.

Manje tifike pa madzi, chifukwa apa ndiye pamene maloto ambili athela.

Kapinga wamene mufuna akhale wa green nthawi yopanda mvula afuna madzi okwana mamilimita 25 pa mlungu. Imveka ing'ono. Koma milimita imodzi pa square metre imodzi ni lita imodzi, so square metre iliyonse imwa malita 25 pa mlungu. Tengani ploti ija yodziwika ya 20 by 30. Ni ma square metre 600. Nyumba, driveway na septic zikatenga theka, atsala 300. Mukashanga kapinga ponsepo, mufunika malita 7,500 mlungu uliwonse. Ni thanki ija ya 5,000 yamene ili pa stand, kuidzaza kamodzi na hafu, kuthila pansi, mukalibe kusamba, kuwasha olo kuphika. Mu ma dilamu a malita 210 ni pafupi-fupi 36. Mu zigubu za 20 ni 375. Ngati muli pa mita ya Lusaka Water, ni ma cubic metre 30 pa milungu inayi, a udzu chabe. Ndipo kapinga woyala kumene afuna kuthilila tsiku na tsiku kwa milungu iwili yoyamba, pamene October akafika popsa, olo wakale afuna oposa 25.

Mkulu wathu wa ku Kabwata masamu aya sanachite. Anali kudalila borehole, ndipo borehole idalila zinthu ziwili zamene sizili m'manja mwake: malaiti na madzi a pansi. Tonse tikumbuka 2024. Pa 29 February chaka chija, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ni tsoka ya dziko lonse, madzi ku Kariba anatsika, ndipo pofika September madela ambili anali kuona malaiti maola ochepa chabe pa tsiku. Pampu ikakhala zii, thanki isadzale, palibe mzimayi wa nzelu wamene angalole kuti madzi otsala apite ku udzu pamene ana akalibe kusamba. Mvula ya mu Lusaka igwa kuyambila November mpaka March, nthawi zina kufika April. Miyezi yotsalayo, madzi alionse a pa kapinga achokela mu thumba mwanu olo pansi pa nthaka. Ndipo pansi apo simuli mweka. Borehole yanu na ya ba neba zimwa pa mbale imodzi, ndiye chifukwa kuyambila 2018 lamulo ikamba kuti ma borehole azilembetsedwa ku WARMA. Uja wamene asiya sprinkler izungulile usiku wonse mu October, pamene kuseli kwa wall fence pampu ya anzake ikoka mphepo, asadabwe akaleka kumupatsa moni.

Nzelu yake ni kuyamba na madzi, osati na yadi. Dzifunseni kuti pa mlungu mungapatule malita angati popanda ndewo m'nyumba, mugawe na 25, ndiye kukula kwa kapinga wanu. Kachigawo ka 5 by 10 kutsogolo kwa veranda ni ma square metre 50, malita 1,250 pa mlungu, ma dilamu sikisi. Pakwana mipando, pakwana ana kugubuduka, pakwana na chithunzi cha pa status ngati mudziwa poimilila. Kwa ine kapinga mung'ono wobiliwila bwino aoneka wa ndalama kupambana chibwalo chonse cha yelo.

Nanga kotsalako? Ambili athamangila ma pavers yadi yonse. Ni zoona safuna kuthilila, koma mu October atentha monga mbaula, ndipo mvula ikagwa madzi onse athamangila pa geti kupita mu msewu olo kwa neba wa kumunsi, m'malo mongena pansi pamene borehole yanu imwa. Pavers ikani pamene motoka ipita. Kwina thilani tumiyala, shangani mitengo iwili ya zipatso kutali na septic na soakaway, ndipo kumbuyo pangani dimba. Kalembula aphimba dothi bwino-bwino monga kapinga, kusiyana kwake ni kwakuti uyu mudya na nsima.

Kathililidwe nakonso kali na nkhani. Mwaonapo mnyamata waimilila na hosipaipi 13 hours, chala pa kamwa ya paipi, dzanja inayo pa foni, kuwaza-waza monga adalitsa mpingo. Madzi aja anyowetsa sentimita imodzi ya pamwamba, ambili auma na dzuwa, ndipo mizu iphunzila kukhala pamwamba kuyembekeza mawa. Tsiku imodzi malaiti akapita, kapinga agona. Chofunika ni kuthilila kwambili koma mwa kamodzi-kamodzi, kawili pa mlungu, kuseni dzuwa isanakwele. Kuti mudziwe muyeso, ikani tumatini tutatu twa nsomba olo twa beans pa malo osiyana, tsegulani sprinkler, muone mphindi zingati zipita kuti madzi mu tini afike mamilimita 12, pafupi-fupi kunenepa kwa chala chaching'ono. Mphindi zimenezo ndiye nthawi yanu, Lachiwili na Loweluka, olo masiku alionse amene malaiti akukondani. Madzi osambila na otsukuluzila zovala angathandize, malinga muziwathila malo osiyana-siyana ndipo musawasunge mu dilamu mpaka anunkhe. A Jik na a mafuta a mu kitchen, ayo ayi.

Za mtundu wa kapinga, ogulitsa maluwa a m'mbali mwa msewu azakuuzani kuti uliwonse wamene ali nawo tsiku ija ndiye wabwino. Yang'anani yadi yanu poyamba. Kikuyu, wamene dzina yake ichokela ku anthu a ku Kenya, ni uja wofewa wa green wowala. Akonda dzuwa tsiku lonse, apilila kupondedwa na ana, akula msanga, koma amwa maningi, afuna kujuba kawili-kawili, ndipo alibe ulemu: angena mu maluwa, pansi pa ma pavers, mpaka mu dimba. Mu mthunzi wa mango olo kotapela aonda mpaka kusila. Pa mthunzi pafunika LM, zilembo ziwili zoimila Lourenço Marques, dzina yakale ya Maputo. Ena amuitana Berea. Uyu akhala bwino pansi pa mitengo, koma sakonda bola ndipo sakonda kujubiwa pafupi na dothi. Buffalo ni wa masamba otambalala, achedwa kuphimba, koma akagwila savuta ndipo apilila mthunzi pang'ono.

Ndiye pali kapinga wathu wamba, wa tumasamba tung'ono, uja umela weka ku ground ya sukulu na m'mbali mwa njanji. Azungu amuitana couch olo Bermuda. Anthu a nyumba zatsopano amudelela chifukwa ni wa mahala, koma angakhale miyezi popanda dontho, kuuma mpaka kuoneka wakufa, mvula ikabwela n'kuuka. Ngati madzi kwanu ni a mwayi, uyu ndiye wanu.

Nthawi yoshanga ni pamene mvula yakhazikika, kutha kwa November olo mu December, osati pa mvula yoyamba ija yonamiza yamene igwa tsiku imodzi n'kupita milungu iwili. Mukachita so, kumwamba kukuthililani mahala miyezi itatu, ndipo pofika April mizu yangena kale pansi. Simufunikanso kapeti yodula. Pitani kwa ba aunty ku Chelstone olo ku Chilenje amene kapinga wawo wasefukila mu njila, mupemphe masaka awili a mphukila zija zoyanga. Lembani mizele yotalikana dzanja imodzi, masentimita 15 mpaka 20, gonekani mphukila, kwililani kusiya nsonga panja, pondani na phazi kuti zigwilane na dothi, thililani. Mu miyezi iwili olo itatu ya mvula yabwino paphimbika. Ngati mtima wanu uli pa instant lawn, palibe choipa, koma dothi ikonzedwe chimodzi-modzi, ayalidwe tsiku yomwe wafika, zidutswa zigundane bwino popanda mipata, ndipo munthu asapondepo milungu itatu.

Milungu sikisi yoyamba muzakhala pa maondo. Black soil na manyowa zibwela na alendo: kanunkha, bondwe, na kaudzu kaja ka nutgrass kokhala na tumbatata pansi. Zulani na manja dothi ikali yonyowa, zisanachite maluwa. Nutgrass mukangodula pamwamba ibwela na abale ake, so kumbani mpaka kambatata katuluke. Bondwe musataye, mudziwa kale kochita naye, malinga simunapopelepo mankhwala.

Pali sisi wina wa ku bank, wa ku Meanwood, wamene zonse izi anachita bwino, kapinga anagwila, anzake a ku kitchen party anali kufunsa namba ya wogulitsa. Vuto inabwela pa kujuba. Alipila madala wa piece work pa ulendo uliwonse, so anaona kuti achepetse maulendo. "Ba uncle, mujube maningi, pansi-pansi, kuti musazibwela-bwela." Madala anayesa kukamba. "Madam, uzapya uyu." Koma ndalama ni ya madam. Chikwakwa chinapita mpaka dothi kuonekela, mawa lake yadi yonse inali ya khaki, ndipo patapita milungu iwili m'mipata munamela kanunkha.

Madala anali kukamba zoona. Masamba ndiye kitchen ya udzu, mwamene upangila chakudya na dzuwa. Mukachotsa onse nthawi imodzi, udzu udya zamene unasunga mu mizu, mizu ifupika, dothi ikhala pa dzuwa, ndipo mbewu za udzu woipa zipeza kuwala kwamene zinali kuyembekeza. Lamulo yake ni yakuti osachotsa kupitilila gawo imodzi mwa magawo atatu a kutalika kwa udzu pa ulendo umodzi. Ngati wafika masentimita 6, jubani atsale 4. Kikuyu na kapinga wamba akhala bwino pa masentimita 3 olo 4, LM na Buffalo asiyeni pa 5 mpaka 7. Nthawi ya mvula izi zitanthauza kujuba mlungu uliwonse olo masiku khumi alionse. Mukasiya mwezi wonse, musabwezele tsiku imodzi, tsitsani pang'ono-pang'ono maulendo awili olo atatu.

Chikwakwa sichidziwa masentimita. Munthu waluso angayese, koma pa malo okwela chizapala, pa otsika chizasiya. Ngati mower simungakwanitse kugula, mu ma area atsopano muli anyamata oyenda nayo geti na geti, ndipo nyumba zitatu zingagwilizane tsiku imodzi kuti mtengo utsike. Inu a pa renti amene muwelenga izi mu basi mukuseka, ganizilaniponi: mower imodzi na ma yadi khumi okhazikika ni nchito. Chofunika kuyang'ana ni mpeni wake. Wobuntha ung'amba m'malo modula, ndipo mawa lake nsonga zonse zioneka zoyela monga zapsa. Musajube udzu wonyowa. Ndipo tuzidutswa tung'ono twamene tutsala, tusiyeni tuwolele pomwepo, ni manyowa a mahala. Apa tilimbana na chizolowezi, kaili tonse tinakulila pa yadi yopyanga 05 hours mpaka mizele ya tsache ioneke. Kapinga sapyangiwa na tsache yolimba tsiku na tsiku. Masamba a mango akagwa, rake ya pulasitiki ikwana.

Fataleza anthu aithila monga mchele wa mu kapenta, na maso chabe. Poshanga, D Compound ndiye ifunika, ija ya 10-20-10, chifukwa namba ya pakati ni phosphorus yamene ithandiza mizu. Dzanja imodzi, magalamu pafupi-fupi 50, pa square metre, kusakaniza na dothi musanashange. Pa kachigawo ka 50 kaja ni makilo awili na hafu, so thumba ya 50 kg ni ya ku munda, imwe gulani yopimitsa. Kapinga akagwila, chamene chipatsa green ni nitrogen, ndipo urea ili na 46 peresenti, yamphamvu maningi. Kabokosi ka machisa kosadzala bwino pa square metre kakwana, kawili olo katatu mu nyengo yonse ya mvula. Wazani udzu uli wouma, mofanana ponse, ndipo thililani pamene apo kuti isungunuke ingene pansi. Mukaisiya pa masamba na dzuwa, mawa muzapeza mapu ya Zambia ya brown, na malo amene dzanja inatsetseleka kuonekela bwino-bwino.

Chigamba cha yelo chikaoneka, musathamangile mankhwala. Gwadani muyang'ane. Ngati pali tumabowo na tumilu twa dothi, udzu wadulidwa monga na sizasi, ni chiswe chija chodula udzu, chamene chikonda nthawi youma na kapinga wa ludzu. Mapulanga amene ma builder anakwilila naonso aitana chiswe cha mtundu wina, ndipo icho chikasiliza pansi chiyang'ana ma door frame. Ngati masamba adyewa m'mbali ndipo mbalame zachuluka pa malo amodzi, yalani saka yonyowa usiku, kuseni muivundukule: mbozi zizakhala pansi pake. Ngati chigamba ni chozungulila, pakati papsa koma m'mbali muli green wakuda, funsani galu wanu. Mankhwala ake ni bakete ya madzi pamene wakodza. Ngati chigamba chibwela pa malo amodzi chaka chilichonse, kumbani, muzapeza block olo mwala. Ndipo ngati ni mizele iwili yotalikana monga matayala, mudziwa kale amene apaka pamenepo.

Chiswe olo mbozi zikachuluka, tengani chithunzi mupite nacho ku shopu ya za ulimi, mugule mankhwala ali mu botolo yake na pepa yake, mutsatile muyeso wolembedwa, ndipo ana, agalu na nkhuku asapondepo mpaka nthawi yamene pepa ikamba. Tumankhwala twa mu botolo ya drink topanda dzina, na nzelu zija zothila oilo yakuda ya motoka pa bowo ya chiswe, siyani. Mwala wa pansi pa Lusaka uli na ming'alu na mphako, zamene muthila pamwamba sizichedwa kufika ku madzi, ndipo madzi amenewo ndiye abwela mu kapu yanu.

Manje ku nkhani yamene column ino idziwa bwino: ma party. Kapinga akangooneka bwino, banja yonse ikumbuka kuti muli na yadi. Chilanga mulilo cha mufana wanu, matebeto, birthday ya mwana na jumping castle, braai ya anyamata pa tsiku ya bola. Wosakwana miyezi itatu, kanani, olo akuiteni wodzimva. Wokhwima angapilile tsiku imodzi ngati mwakonzekela. Jubani na kuthilila kukali masiku awili, osati dzulo lake, chifukwa dothi yonyowa na ma heels a azimayi makumi asanu ovina ni matope. Tenti ibwele kuseni, ichoke mawa lake. Ija yamene ikhala Lachisanu mpaka Lachiwili chifukwa a tenti sayankha foni isiya square ya yelo. Jumping castle pa dzuwa iphika udzu tsiku imodzi, so ngati pali ma pavers, iikeni pamenepo. Mbaula na braai stand zikhale kutali, ndipo uzani ophika kuti madzi otentha a mu mapoto, saladi yotsala na phulusa yamoto zisathilidwe pa udzu, chifukwa ndiye pamene dzanja ipita yokha. Alendo akapita, tolani tuzitsekelo twa mabotolo tusanakumane na mpeni wa mower, lasani-lasani na foloko ya mu dimba pamene anthu anavina kwambili kuti mphepo na madzi zingene, thililani bwino, musiye milungu iwili.

June na July akafika, kapinga aleka kukula ndipo mtundu usintha, maka-maka Kikuyu na kapinga wamba. Sanafe, agona chabe chifukwa cha mphepo. Apa ndiye ena achita mantha n'kuthila urea na madzi ambili, kutaya zonse ziwili. Chepetsani kuthilila, kamodzi pa mlungu olo pa masiku khumi, kwezani mower, fataleza ikhale mu store. Osaocha na moto monga ku munda, pali ma paipi a pulasitiki, ma cable a electric fence na zovala za ba neba pa waya. Kukayamba kufunda mu September, ngati madzi muli nawo, wazani dothi yosefa yosakaniza na manyowa owola, sentimita imodzi chabe kuti nsonga za udzu zizioneka, ndiye muyambe kuthilila mokwana. Ngati madzi ni ovuta, musamuutse. Kumupatsa madzi mlungu umodzi n'kumumana milungu itatu kumulemetsa kupambana kumusiya agone. Thililani kachigawo ka pa veranda chabe, kotsalako kakhale ka khaki mpaka November, ndipo mvula yeni-yeni ikagwa kawili olo katatu, pitani mukanole mpeni wa mower.